Chidindo Chimene Achimwene Anasesa

Achimwene anga anagwira ntchito pa mabwalo a tenesi zaka makumi atatu ndi zinayi, koma raketi sanamenyerepo mpira ngakhale tsiku limodzi. Ndikawaseka ankati iwo ndi wophika, sadyera pamodzi ndi alendo. Ntchito yawo inali dothi. Mabwalo anali atatu, onse a njerwa zosinja, ofiira psuu, ndipo achimwene akamachokera kuntchito kufiirako kunkawafika mpaka m'makutu. Ine ndine telala, mlongo wawo wamng'ono, ndipo makolala a malaya awo amene ndinatembenuza ndi osawerengeka. Fumbi limene lija silimva sopo.

Osewera ankawatcha Amizere. M'mawa ankathirira mabwalo ndi paipi, chala chili pakamwa pa paipiyo kuti madzi azigwa ngati mawawa. Kenako ankakankha chigudumu chachitsulo kuti dothi litsendereke. Akatero ankakoka chiguduli, masaka anayi osokedwa pamodzi n'kuwamangirira ku mtengo wautali, kuti pansi pasalale. Masakawo ndinkasoka ndine, ndipo singano zanga zathyokapo zambiri popanda wondithokoza. Pomaliza ankatenga kaburashi n'kusesa mizere, malamba oyera okhomeredwa pansi ndi misomali, mpaka iyere ngati mano a mwana.

Chimene ankanyadira nacho kwambiri chinali kugwira ntchito mwachangu. Kapitawo amene anawaphunzitsa ntchito anawauza kuti wosamalira bwalo saonera mpira, chifukwa akaonera amayamba kukondera, ndipo akakondera manja amachita ulesi. Achimwene anatenga mawuwo ngati lamulo la m'buku. Masewera akayamba ankakhala pa chidebe chovundikira kuseri kwa kanyumba kawo kosungiramo zida, msana ataulozetsa ku bwalo. Ankangomvera. Woweruza akalengeza kuti seti, gawo limodzi la masewera, yatha, anthu n'kuwomba m'manja, iwo ankatsegula kageti ka pangodya n'kulowa, mutu uli pansi, chiguduli chili pambuyo. Osewera asanatsegule n'komwe mabotolo a madzi, theka la bwalo linkakhala litasalala. Alendo ochokera kutali ankaima n'kumawaonerera, ena mpaka kuwajambula.

Kusalaza kumeneko si kukongoletsa chabe. Pa bwalo la dothi mpira ukagwa umasiya chidindo chonga dzira. Pakakhala mkangano woti mpira wagwa mkati kapena kunja, woweruza amatsika pa mpando wake wautali uja n'kukaona. Chidindo chikakhudza mzere ngakhale pang'ono ngati tsitsi, mpira uli mkati. Tsono bwalo likadzaza zidindo zakale munthu sadziwa cholozera, n'chifukwa chake achimwene ankadana nazo ngati nsikidzi.

Alamu anga, akazi a achimwene, anamwalira mwana wawo ali ndi zaka zinayi. Anali mwana mmodzi yekhayo, wamkazi. Ine ndinati ndimutenge, achimwene anakana. Anati wataya kale mayi, asatayenso bambo ali moyo. Ankapita naye kuntchito, n'kumukhazika pamthunzi wa mpando wa woweruza ndi kabotolo ka madzi. Mwanayo anakulira pamenepo, mawondo ali ofiira. Tsiku lina anatola raketi yothyoka imene munthu wina anataya, n'kuyamba kumenyetsa mpira pa khoma la kanyumba ka zida kaja. Ankamenya ndi dzanja lamanzere, ndipo dzina linachokera pomwepo. Mpaka lero ndi mayi wa ana awiri, koma tonse timamuti Wamanzere.

Khoma lija analimenya mpaka pulasitala anagwa. Mphunzitsi wina wa tenesi anamuona n'kumutenga, ndipo pofika zaka khumi ndi zisanu mtsikanayo ankagonjetsa azimayi amene anayamba kusewera iye asanabadwe. Achimwene sanaonerepo masewera ake ngakhale amodzi. Ankakhala pa chidebe chawo chomwecho, koma anandiuza kuti mpira wa mwana wawo amauzindikira ndi khutu, umalira mouma kusiyana ndi wa ena. Ine ndinkati ndi bodza la makolo, koma ndinkawasiya.

Atamaliza sukulu Wamanzere anayamba ntchito m'sitolo ya nsapato. Ankasewera mbandakucha, n'kusamba m'kanyumba ka zida, kenako n'kupita kukagwada kutsogolo kwa mapazi a anthu tsiku lonse. Mtima wake wonse unali pa chinthu chimodzi, Masewera a Chigawo. Amachitika kamodzi pa zaka zinayi, maiko oyandikana amatumiza othamanga, osambira, ankhonya, a tenesi ndi ena otero, onse atavala zofanana. Iye sankalota mendulo ayi. Ankati akufuna kungoyenda nawo pa tsiku lotsegulira, pambuyo pa mbendera, bambo ake amuone.

Mmene munthu amapezera malo kumeneko anandifotokozera tsiku lina ataimirira pa mpando, ine ndikupinda siketi yake yosewerera, mapini ali kukamwa. Anati dziko lathu linapatsidwa malo awiri okha a akazi, ndipo sasankha poona nkhope. Chaka chonse pamakhala mipikisano, ukapambana amakulembera mapointi, ndipo uyenera kusewera mipikisano yosachepera isanu kuti dzina lako liwerengedwe. Mapointi akatha chaka amafufutidwa. Tsiku lotseka likafika amayang'ana mndandanda, awiri apamwamba ndiwo amapita. Ine ndinati ndiye kuti mapointi akewo amawola ngati tomato, iye anaseka mpaka ndinamubaya ndi pini.

Ulendo woyamba anali wachinayi pa mndandanda, ndipo sanadandaule, anali asanakwanitse zaka makumi awiri. Ulendo wachiwiri anali wachiwiri mpaka kutatsala miyezi itatu, kenako anabinya bondo potsika basi. Anaphonya mipikisano iwiri, yake inathera pa inayi, dzina linachotsedwa. Analira sabata yonse m'chipinda mwanga, chifukwa sankafuna kuti bambo ake amumve. Ulendo wachitatu anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, bondo likumuvutabe kukazizira, ndipo tonse tinkadziwa kuti wachinayi sipadzakhala.

Chaka chimenecho anasewera ngati wolodzedwa. Malo oyamba anali kale a mtsikana wina amene ankasewerera kunja, ameneyo panalibe womufika. Nkhondo inali pa malo achiwiri, pakati pa Wamanzere ndi mtsikana wamtali, wowonda, amene anzake ankamutcha Nsungwi. Sindinganamizire mwana wa eni, anali waulemu, ankandipatsa moni ndi manja awiri. Tsiku lotseka litafika, anapezeka kuti mapointi awo ndi ofanana ndendende. Malamulo ankati zikatero awiriwo akumane kamodzi, wopambana apite. Ndipo akuluakulu anasankha bwalo loyamba la achimwene, chifukwa ndilo linali losamalika kuposa onse.

Achimwene analikonza masiku atatu. Anazula misomali yonse yopindika, anasefa dothi la pangodya ndi sefa ya kukhitchini kwanga osandipempha. Ndinawauza kuti tsiku limeneli lokha apemphe tchuthi, akhale nane pa benchi aonere mwana wawo ngati kholo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati bwalo la mwana wawo alisiyire ndani.

Linali Loweruka masana, dzuwa lili pamutu. Seti yoyamba anatenga Nsungwi. Achimwene analowa, anasalaza, anasesa mizere, anatuluka osadzutsa mutu. Yachiwiri anatenga Wamanzere, ine mpango wanga nditaupotokola mpaka unasanduka chingwe. Analowanso, anatulukanso. Yachitatu inatalika kwabasi. Wamanzere anayamba kutsimphina, koma mpira uliwonse ankauthamangira, masokosi ali ofiira mpaka m'mwamba. Mapeto ake zinafika poti Nsungwi akungofuna pointi imodzi kuti apambane.

Anamenyerana nthawi yaitali pointi imeneyo. Nsungwi anathamangira pa neti kuti amalize, Wamanzere n'kuudutsitsa mpira pambali pake, wothamanga, wolunjika pangodya ya kutali, ngodya ya kageti kaja. Woyang'anira mzere anakuwa kuti wagwa kunja. Woweruza analengeza kuti masewera atha. Abale a Nsungwi anadzuka n'kuyamba kuwomba m'manja ndi kulira malikhweru.

Wamanzere sanasunthe. Anakweza dzanja, analoza pangodya paja ndi raketi, n'kupempha woweruza kuti akaone chidindo. Woweruzayo anavomera. Anali bambo wonenepa, anayamba kutsika makwerero ake chammbuyo, phazi limodzi limodzi. Ine maso anga anali pa iye. Kenako ndinamva kageti kakulira.

Achimwene anamva zimene anamva kwa zaka zonse zija, kulengeza ndi kuwomba m'manja. Analowa mutu uli pansi, chiguduli chili pambuyo. Ndinaimirira n'kukuwa kuti achimwene imani, ndinakuwa mpaka kukhosi kunawawa, koma phokoso linali lalikulu, komanso khutu lawo limodzi linali litayamba kale kugontha. Anaponda katatu basi. Woweruza atafika pangodya paja anapeza dothi losalala bwino, lopanda kanthu kalikonse.

Lamulo ndi lamulo. Chidindo chikasowa, mawu oyamba aja ndiwo amaima. Woweruza anatambasula manja, anapepesa, anabwerera. Phokoso linazilala pang'onopang'ono anthu atazindikira zimene zachitika, ndipo achimwene anadzutsa mutu chifukwa cha bata limenelo. Anayang'ana woweruza, anayang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana kumbuyo kwawo. Ndinawaona nkhope ikugwa. Wamanzere anapita pa neti, anagwira chanza Nsungwi, anaika raketi m'chikwama. Munthu wina kumbuyo kwanga anati koma Amizere ndiye sakondera zoona, ena n'kuseka. Ndikanakhala ndi sizasi yanga tsiku limenelo, kaya.

Ndinene chilungamo, mpira uja ukanapezeka mkati sikuti Wamanzere akanapambana pomwepo ayi. Masewera akanangopitirira. Mwina akanagonjabe, bondo lija linali litatupa kale. Palibe akudziwa, ndipo chimenecho ndicho chimawawa.

Ndinawaperekeza kunyumba. Titafika achimwene anakhala pakhonde osavula n'komwe majombo, ine ndinateleka madzi a tiyi kuti manja apeze chochita. Wamanzere anatuluka n'kuima patsogolo pawo. Anawakumbutsa kuti iwo amayenda mutu uli pansi, chiguduli chimabwera pambuyo, ndiye kuti anadutsa pa chidindo chija chisanafufutike.

"Ababa, munachiona. Mpira unali mkati kapena kunja?"

Achimwene anapukuta zala pa bondo.

"Unali kunja, mwanangu. Ndi chala chimodzi."

Mtsikanayo anawayang'ana, anawayang'anabe, kenako anati chabwino ababa. Anapita kuseri kukachapa masokosi ake.

Panalibe mkangano, panalibe kumenyetsa chitseko. Masewera a Chigawo anachitika, Nsungwi anayenda pambuyo pa mbendera, ife wailesi sitinatsegule. Patatha miyezi iwiri Wamanzere anapempha kuti amusamutsire ku nthambi ina ya sitolo ija, mumzinda wa kutali. Tenesi anasiyira pomwepo. Anakwatiwa komweko, anabereka, ankabwera pa tchuthi ndi ana, atanyamulira bambo ake malaya ndi mankhwala a msana. Ulemu wonse ankapereka. Koma unali ulemu wa mlendo. Kale awiriwa ankatha kukangana ola lathunthu za mmene mphepo imakhotetsera mpira, tsopano nkhani zawo zinali mwadzuka bwanji, ana ali bwanji, mvula kumeneko ikugwa. Ndikamufunsa ankati palibe kanthu azakhali, ndakula basi.

Achimwene anagwirabe ntchito zaka zina zisanu ndi zinayi, koma sanalinso Amizere aja. Seti ikatha ankaima pa kageti, dzanja lili pa loko, kudikira mpaka woweruza awakodole kawiri. Osewera atsopano ankadandaula kuti mdalayu ndi wozizira, amatichedwetsa. Atapuma pa ntchito anawapatsa wotchi ya pakhoma ndi satifiketi, ndipo ku mabwalo kuja sanapondekonso.

Tsiku lina m'mawa anabwera kushopu kwanga ndi mathalauza awiri kuti ndiwachepetse m'chiuno, chifukwa anali atayamba kuonda. Ndinagwada n'kuwazunguliza tepi, ndikuwakalipira kuti sakudya. Ndili chogwada choncho ndinamva mawu pamwamba pa mutu wanga.

"Telala, mpira uja unali mkati."

Panali patatha zaka zisanu ndi zinayi chichitikire masewera aja, koma sindinafunse kuti mpira uti. Anati chidindocho chinaluma mzere bwinobwino, theka lonse linali pa lamba. Maso anaona, koma miyendo inapitirira, chifukwa zidindo ankaziona mazanamazana tsiku lililonse ndipo ntchito yawo inali kuzichotsa. Nzeru zinabwera chiguduli chitadutsa kale. Ndinawafunsa kuti nanga munanamiranji mwana. Anati wosewera amadziwa kugonja, amalira n'kuiwala, koma munthu amene walandidwa chake saiwala, makamaka wolandayo akakhala bambo ake. Anafuna kuti mwanayo aziganiza kuti anagonja ndi dzanja lake. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti chinanso, anaopa maso ake.

Anandilumbiritsa kuti ndisamuuze. Ndinakana, anandigwira dzanja, ndinakananso, misozi inayamba kutsika m'maso mwa munthu amene sindinamuonepo akulira chimwalirire alamu anga. Ndinalumbira. Abale inu, ine amene makasitomala amadziwa kuti ukafuna nkhani ifike msika wonse kauze telala, ine amene pakamwa panga sipagona mawu, chinsinsi chimenechi ndinachisunga. Ndinkadziona ngati munthu wokhulupirika kwambiri.

Patatha zaka zitatu chifuwa chinawagwetsa. Wamanzere anasiya ana kwa mwamuna wake n'kubwera kudzawadwazika kuchipatala. Masiku asanu ndi atatu anakhala pambali pa bedi, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwamwetsa phala ndi supuni. Ankawatembenuza mosamala ngati khanda. Ine ndinkakhala kumiyendo n'kumawayang'ana onse awiri. Nthawi zina achimwene ankatsegula pakamwa ngati ayamba nkhani, mwanayo n'kuweramira pafupi, iwo n'kupempha madzi. Lilime linkandiyabwa, koma ndinkati ndinalumbira, anene okha eni ake. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, anamwino akusinthana.

Zonse zitatha, anthu atabalalika, tinatsala awiri m'chipinda mwawo tikupinda zovala kuti tigawire abale. Ndinaona kuti lumbiro lapita ndi mwini wake. Ndinaganizanso kuti ndimupatse mwanayo kanthu kabwino koti apite nako, adziwe kuti sanalephere. Ndinamuuza zonse, za theka la chidindo pa lamba, za miyendo imene inapitirira, za chifukwa chimene anamunamizira. Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka. Iye anapitiriza kupinda malaya, anawongola kolala, anawaika pa mulu.

"Ndinkadziwa, azakhali. Mpira uja ndinamenya ndine. Ndinauona ukugwa."

Anati za kusesa kuja sanawakwiyire ngakhale tsiku limodzi. Anakula akuwaona akulowa pa kageti kaja, ankadziwa kuti ndi thupi linachita, osati mtima, ndipo akanati pepa mwanangu akanalira limodzi pakhonde paja n'kuthera pomwepo. Madzi akatayika sawoleka, zimenezo ankazidziwa. Anafunsa funso lija osati kuti adziwe za mpira, koma kuti munthu mmodzi yekha pa dziko lonse amene anaona chimene iye anaona amuuze kuti mwanangu sunalakwitse. M'malo mwake bambo ake anamuyang'ana n'kumuuza kuti maso ake ndi onama. Kuyambira tsiku limenelo ankati akabwera pa tchuthi amadikira. Kuchipatala kuja m'mawa uliwonse ankati mwina lero, ndipo akawaona akutsegula pakamwa mtima unkagunda. Anali atakonza kale yankho, zaka khumi ndi ziwiri ali nalo, lakuti palibe mlandu ababa. Sankafuna kuyamba ndiye, chifukwa kukanakhala kuwatcha abodza bambo ake omubereka.

Apa ndi pamene misozi inabwera, koma anaipukuta msanga ndi kuseri kwa dzanja. Anati zikomo azakhali, bola ndamva kuti ananenako, ngakhale kwa munthu wina. Anatenga thalauza pa mulu, limodzi mwa aja ndinachepetsa, n'kuyamba kulipinda. Kenako manja anaima.

"Anakuuzani kuchipatala, ine nditatuluka?"

Ndikanatha kunama. Bodza linali pamlomo penipeni, lofewa, losavulaza munthu. Koma ndinali nditangomva kumene zimene bodza lotere limachita. Ndinamuuza kuti ayi, anandiuza kushopu, zaka zitatu zapitazo, akuyenda okha ndi miyendo yawo.

Anaika thalauza lija pa bedi pang'onopang'ono.

"Zaka zitatu, azakhali. Nambala yanga munali nayo."

Ndinatola thalauza lija pa bedi n'kulipinda. Tinamaliza kupinda zovala zija, iye mbali iyo ya bedi, ine mbali ino. M'mawa mwake ndinamuperekeza kukakwera basi, chikwama ananyamula yekha.